Zolemba za ntchito ya mafizo apakhomo oteteza okalamba kuti asamagwe, m'dera la Ngabu

Meyi, sabata yachiwiri

Ntchitoyi tayiyamba m'midzi itatu yoyandikana kufupi ndi Ngabu, m'boma la Chikwawa, ndipo ndaganiza zolemba zonse zimene tikuchita, zoyenda bwino ndi zokanika zomwe, kuti anzathu a ku Nchalo, ku Bangula ngakhale kutsidya kwa Shire amene angafune kuchita zofananazo asadzavutike ndi zimene ife tavutika nazo kale. Tilipo anayi: ineyo amene ndinaphunzira za mafizo, mlangizi wa zaumoyo wa m'derali, ndi amayi awiri odzipereka ochokera kutchalitchi. Chinatidzutsa ndi imfa ya mayi wina wachikulire amene anagwa chaka chatha akuchokera kuchimbudzi m'bandakucha, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anagona m'chipatala masabata ambiri mwendo uli chikokere, ndipo atabwerera kumudzi sanapondenso pansi mpaka tsiku limene tinakawaika m'manda. Pamaliro anthu ankangoti ndi ukalamba, koma ife amene tinkawadziwa mayiwo tinkakumbukira kuti mwezi umene anagwawo anali akupalirabe okha munda wawo wa mapira.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo oposa 80 mwa 100 alionse mwa anthuwa ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Lipoti lake la mu 2007 linati mwa anthu 100 a zaka 65 kupita m'tsogolo, apakati pa 28 ndi 35 amagwa chaka chilichonse. Njira imene tasankha kutsatira ndi ya Otago, yomwe inakonzedwa ndi John Campbell ndi Clare Robertson pa yunivesite ya Otago mumzinda wa Dunedin ku New Zealand, ndipo zotsatira zake zoyamba zinasindikizidwa mu 1997. Ataiyesa kanayi pa anthu oposa 1,000 a zaka zapakati pa 65 ndi 97, anapeza kuti kugwa kunatsika ndi 35 peresenti, ndipo amene anapindula kwambiri anali opitirira zaka 80. Taisankha chifukwa munthu amachitira pakhomo pake pomwepo, safunika makina, ndiponso chifukwa nkhalamba ya kuno singamakwere kabaza katatu pa sabata kupita kuchipatala kukangochita mafizo.

Polemba maina tinkafunsa mafunso atatu: ngati munthuyo wagwapo m'chaka chapitachi, ngati amamva kudzandira akaima kapena akamayenda, ndiponso ngati amaopa kugwa. Woyankha kuti inde pa funso limodzi lokha tinkamulemba. Tapeza anthu 21, amayi 14 ndi abambo 7. Zaka zolembedwa pa zitupa za unzika zambiri n'zongoyerekeza, motero tinkafunsanso ngati munthuyo anali atalowa kale m'banja pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964.

Meyi, sabata yachinayi

Tamaliza kuyeza onse. Muyeso woyamba ndi wakuti munthu adzuke pampando, ayende mamita atatu, atembenuke, abwerere n'kukhalanso pansi, ife tikuwerenga nthawi pafoni. Wotenga masekondi 12 kapena kuposerapo amaonedwa kuti ali pachiopsezo, ndipo mwa anthu athu 13 apitirira malirewo. Wachiwiri ndi kuwerenga kuti munthu adzuka kangati pampando m'masekondi 30 manja atawapinda pachifuwa. Wachitatu ndi kuima phazi lina lili patsogolo pa linzake, chidendene chitagunda zala, kwa masekondi 10.

Vuto laonekera pa mpando. Miyesoyi imafuna mpando wolimba wotalika masentimita pafupifupi 43, koma m'makomo ambiri tinapezamo wandalema, womwe ndi waufupi ndipo umamira pakati, kapena timipando ta pulasitiki tomwe miyendo yake imatambasuka munthu akakatamira. Tinabwereka mpando wathabwa kutchalitchi n'kumaumangirira panjinga. Komabe chimene chandipatsa maganizo kwambiri ndi mayi wina amene anadzuka pampandowo kasanu ndi kanayi m'masekondi 30, zomwe sizoipa pa msinkhu wawo. Titamaliza anakakhala pamphasa kuti atisendere mtedza, ndipo pofuna kutiperekeza anayesa kudzuka katatu osatheka, mpaka anakwawira kukhoma n'kudzikoka ndi chitseko chomwe chinkagwedera pa hinjesi imodzi. Anthu a ku Dunedin amakhala pampando, amagona pabedi, ndipo chimbudzi chawo n'chokhalira. Agogo athu amakhala pansi, amagona pansi, amaphika atanyonyomala, ndipo kuchimbudzi amanjuta pa dzenje. Tikangokopera buku la Otago mmene lilili, tidzaphunzitsa anthu kudzuka pa chinthu chimene sakhalapo.

Juni

Mafizo a Otago alipo 17. Asanu ndi olimbitsa miyendo: kuwongola bondo uli chikhalire, kupinda bondo chidendene chikupita kumatako, kukweza mwendo cham'mbali, kuima ndi zala, ndi kukweza zala utaima ndi zidendene. Otsala 12 ndi ophunzitsa thupi kukhazikika, monga kuima ndi mwendo umodzi, kuyenda cham'mbali, kuyenda chafutambuyo, kuyenda mokhota ngati ukulemba nambala 8, ndi kudzuka n'kukhalanso pansi mobwerezabwereza. Amachitika katatu pa sabata, kwa mphindi pafupifupi 30, kusiya tsiku lopuma pakati, ndipo masiku ena awiri munthu amayenda ulendo wapansi. Sitikupereka onse 17 nthawi imodzi. Aliyense tamusankhira ochepa molingana ndi mmene muyeso wake unatulukira.

Zolemera zomanga mu akakolo tasoka tokha. Amayi awiri aja asoka timatumba titalitali ta nsalu yachitenje tokhala ndi zingwe kumapeto, tathiramo mchenga wouma wa kumtsinje, ndipo mlangizi wa zaumoyo watiyezera pa sikelo yake ya ana kuti kalikonse kakwane kilogalamu imodzi. Munthu akamatha kukweza kakhumi, kupuma, n'kukwezanso kakhumi osavutika, timawonjezera mchenga.

Chogwirira ndicho chatitengera masiku ambiri. Buku limati munthu agwire thebulo lolimba la kukhitchini, lomwe kuno kulibe. Khoma ndi losalala, dzanja silipeza pogwira. Nsanamira za khonde zina zinadyedwa ndi chiswe m'munsi ngakhale kuti pamwamba zimaoneka zabwino, ndipo nyumba zingapo zinamangidwa mofulumira anthu atasamuka kuthawa madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023, kotero kuti mitengo yake sinazikidwe mozama. Tagwirizana kuti pakhomo lililonse anyamata azike mphanda ziwiri pamalo osalazidwa bwino pamthunzi, n'kupingasapo mtengo wosendedwa wofika m'chiuno mwa mwini wake, wotalika masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndisanalole nkhalamba kugwira mtengowo, ndimayamba ndautsamira ineyo ndi thupi lonse.

Pali nkhani ina imene sindinaiganizire konse. Mayi wina anakana kwamtuwagalu kuyenda chafutambuyo, ndipo nditafunsitsa anandiyankha motsitsa mawu kuti: “Adokotala, ine ndimakhala ndekha. Anthu akandiona m'mamawa ndikuyenda chobwerera m'mbuyo kuseri kwa nyumba, mawa mwana wa munthu akadwala adzati ndine.” Ananena zoona, pakuti okalamba m'dziko muno akhala akumenyedwa ngakhale kuphedwa kumene powanamizira ufiti. Tinapita kwa amfumu a midzi itatu yonse, ndipo pa msonkhano wa mudzi ine ndi mlangizi tinachita mafizo onse poyera, amfumu amodzi nawonso n'kudzuka kuyenda nafe chafutambuyo anthu akuona. Lamulo lathu tsopano ndi lakuti mafizo azichitikira kumaso kwa nyumba, kunja kutayera, pali mdzukulu kapena woyandikana naye nyumba.

Julayi

Mwezi uno ambiri sitinawapeze pakhomo chifukwa cha madimba ndi kutola thonje kotsiriza. Sindikudandaula nazo, chifukwa wopita kudimba ndiye kuti akuyenda, ngakhale kuti kuyenda kokha sikulowa m'malo mwa mafizo okhazikitsa thupi.

Chondidetsa nkhawa ndi cha amene tinawapeza pakhomo koma sakuchita kanthu. Pa nyumba ina tinapeza mtengo wopingasa uja atayanikapo zovala, timatumba ta mchenga tili pa denga la khola la nkhuku. Gogo wa pamenepo, amene anagwa kawiri chaka chatha, anali khale pamphasa, ndipo madzi akumwa, fodya ndi mbale zonse anali atamuikira pafupi kuti asasowe chodzukira. Mwana wawo wamwamuna anandilandira mwaulemu, koma anati: “Adokotala, mayiwa anatilera movutika, anagwira ntchito yokwanira. Ife tilipo, mpongozi wawo alipo, adzukulu alipo. Anthu akamawaona akudzuka n'kukhala, kudzuka n'kukhala, thukuta lili kamukamu, adzati tikuwazunza.” Sindinathe kumutsutsa msanga, chifukwa mawuwo ankachokera m'chikondi chenicheni, ndipo ulemu woterewu ndi umene tonse tinaleredwa nawo. Koma mnofu wa ntchafu sudziwa ulemu. Ukapanda kugwira ntchito umafota, ndipo mwa munthu wokalamba umafota msanga kuposa mwa mnyamata. Munthu akagwa kamodzi amachita mantha, mantha amamukhazika pansi, kukhala pansi kumafooketsa miyendo, ndipo tsiku limene adzadzuke yekha usiku, popeza palibe amene amaperekezedwa kuchimbudzi usiku uliwonse, adzagwa moipa kuposa poyamba.

Ndinamupempha mwanayo kuti akhale pamphasa pafupi ndi mayi ake, ndipo ndinafunsa gogoyo kuti: “Agogo, usiku mukafuna kutuluka mumadzutsa ndani?” Anayankha akuyang'ana pansi kuti sadzutsa munthu, amachita manyazi, ndipo madzulo amaleka dala kumwa madzi kuti asatuluke. Mwana wawo sankadziwa zimenezi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anadzuka yekha kukachotsa zovala zija pamtengo. Kuyambira tsiku limenelo taganiza kuti pa ulendo uliwonse tizikhala pansi ndi a pabanja poyamba, tisanakhudze nkhalamba, ndipo tizisankha mdzukulu mmodzi wa kusukulu woti aziwerengera agogo ake n'kuchonga pa kalendala. Ku New Zealand ophunzitsa ankayendera munthu kangapo m'miyezi iwiri yoyamba, kenako ankamuimbira foni mwezi ndi mwezi. Ife foni taisintha ndi njinga ya amayi odzipereka aja, chifukwa ambiri mwa okalamba athu alibe foni, ndipo ena samva bwino.

Ogasiti

Tawonjezera zinthu ziwiri zomwe sizili m'gulu la mafizo 17 aja, ndipo ndikuona kuti kwa anthu a kuno ndizo zofunika kuposa zonse. Choyamba ndi kudzuka pansi. Timaphunzitsa moyambira kumapeto, kuti munthu asayambe ndi gawo lomuopsa. Sabata yoyamba amangogwira mtondo wovundikira kapena m'mphepete mwa khonde ndi manja awiri, n'kutsitsa bondo limodzi pang'ono n'kudzukanso. Akazolowera amafikitsa bondolo pamphasa, kenako mawondo onse awiri, kenako manja, mpaka atafika pokhala chammbali ndi pogona. Pobwerera ndiye njira yonse: kutembenukira m'mbali, kudzikankha ndi chigongono, kugwada ngati wokwawa, kusendera kufupi ndi chinthu cholimba, kuponda phazi la mwendo wamphamvu patsogolo, n'kukankha ndi mwendo ndi manja pamodzi.

Bambo wina amene kale ankaweta ng'ombe ndiye wandisangalatsa. Kwa zaka ziwiri ankadzutsidwa ndi adzukulu awiri omukoka m'manja, zomwe zinkamupweteketsa mapewa. Lachinayi lapitali anagona chagada pamphasa, natiuza kuti tisamukhudze. Anatembenuka pang'onopang'ono, nagwada, napuma kaye mpweya uli wefuwefu, manja akunjenjemera pa mtondo. Anayamba kuponda ndi mwendo wamanzere, womwe uli ndi nyamakazi, ndipo atazindikira anaubweza yekha n'kutsogoza wamanja. Ataimirira sanayang'ane aliyense wa ife. Anayang'ana kukhola, kenako anati “takhuta” m'Chisena, kutanthauza kuti zikomo, n'kupempha ndodo yake. Tawauza onse momveka kuti njirayi ndi ya munthu amene sanavulale: wagwa n'kumva ululu m'chiuno, mwendo wafupika kapena wapotokera kunja, kapena wamenyetsa mutu, asayese kudzuka ndipo asakokedwe, aitane anthu amunyamule bwino kupita kuchipatala.

Chachiwiri ndi chimbudzi. M'zimbudzi 15 tazikamo mtengo wolimba kutsogolo kwa dzenje kuti munthu azigwira ponjuta ndi podzuka, ndipo kwa anayi amene mawondo awo sapindika kalipentala wakhoma kampando koboola pakati. Tachotsa miyala ndi zitsa m'njira, tadula zingwe zoyanikira zovala zodutsa m'munsi, ndipo talimbikitsa kuti tochi izigona kumutu kwa mphasa. Amayi tawapempha kuti usiku chitenje azimangira m'mwamba pang'ono, ndipo masilipasi otha kuchidendene asamavalidwenso.

Sepitembala

Mmodzi mwa anthu athu wagwa, ndipo mbali ina cholakwa ndi changa. Ndi mayi amene amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Anandiuzapo mu Juni kuti akadzuka amaona mdima, koma ine ndinangolemba m'kope osayeza. Anagwa atangodzuka pamphasa masana, nasupuka pachipumi ndi pachigongono. Mwamwayi fupa silinathyoke. Titamuyeza kuthamanga kwa magazi atagona kenako ataimirira, nambala yapamwamba inatsika ndi 26, pamene kutsika ndi 20 kapena kuposerapo m'mphindi zitatu zoyamba ndi chizindikiro chakuti magazi akuchedwa kufika kumutu. Tinamutumiza kuchipatala kuti akaunikenso mankhwala ake, ndipo tinamuchenjeza kuti asawasiye yekha. Sabata yomweyo tinayeza onse motero, n'kupezanso ena awiri. Tsopano aliyense timamuphunzitsa kuti akadzuka kutulo ayambe wakhala tsonga, agwedeze mapazi, awerenge mpaka 30, kenako aimirire atagwira chinthu. Atatu amene ali ndi ng'ala tawalembera kalata yopita kwa a zamaso, pakuti miyendo ingalimbe bwanji, dzenje losaoneka munthu amagweramo ndithu.

Okutobala

Kutentha kwafika poipa, masiku ena kupitirira madigiri 40, ndipo anthu akugona panja. Mafizo tawasunthira m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo ulendo wapansi taudula kukhala maulendo atatu a mphindi 10. Tikuumirira nkhani ya madzi akumwa, chifukwa okalamba samva ludzu msanga ngati achinyamata, ndipo thupi likauma chizungulire chimabwera.

Tayezanso. Mwa anthu 21 aja atsala 16: mmodzi anamwalira ndi matenda ena, awiri anatengedwa ndi ana awo kupita ku Blantyre, ndipo awiri anangoleka. Mwa otsalawa, 11 afupikitsa nthawi yawo pa muyeso wa mamita atatu, ndipo 9 akutha kudzuka pamphasa popanda wowakoka, pamene mu Meyi anali anayi okha. Sindikufuna kuti wina atenge manambala amenewa n'kumalengeza kuti tachepetsa kugwa, chifukwa anthu 16 ndi ochepa kwambiri, ndipo kafukufuku wa ku Otago ankatsatira anthu chaka chathunthu. Chimene makalendala a adzukulu akuonetsa bwino ndi chakuti amene asintha ndi amene ankachita kawiri kapena katatu pa sabata mosadumphitsa.

Ndaonanso kulakwitsa kwina kwa ife ophunzitsa. Chifukwa cha mantha a zimene zinachitika mu Sepitembala, amayi odzipereka aja ankalola anthu kugwirabe mtengo ndi manja awiri ngakhale pamene anali okonzeka kusiya. Mafizo okhazikitsa thupi amagwira ntchito pokhapokha munthu akamagwedera pang'ono n'kudziwongola yekha. Akagwiritsa zolimba, manja ndi amene amagwira ntchito, miyendo siphunzira kanthu. Tabwereza dongosolo lake: manja awiri, kenako dzanja limodzi, kenako chala chimodzi, kenako dzanja lili m'mwamba pang'ono pa mtengo osaukhudza, wothandiza ataima kumbuyo chakumbali.

Disembala, sabata yachitatu

Mvula yayamba, ndipo dothi lathu la makande, lomwe mwezi wathawu linali ndi ming'alu yolowa phazi la mwana, tsopano likuterera ngati sopo ndipo likumatirira ku mapazi mpaka munthu kulemedwa. Mabwalo amene tinasalaza mu Juni asanduka matope, kotero kuti mitengo yopingasa isanu ndi iwiri taizula n'kuizikanso pansi pa khonde, ndipo pomwe khonde ndi lopapatiza munthu akuchitira m'nyumba chitseko chili chotsekula kuti muziwala. Kuyenda ndi zidendene ndi kuyenda chafutambuyo taziimitsa panja mpaka nthaka idzaume. Timatumba tina ta mchenga tanyowa n'kuyamba kulemera kuposa muyeso wake, choncho tikutiyanika n'kutiyezanso.

Mudzi umodzi mwa itatuyi uli kumunsi, kumene madzi anafika mu Januwale 2022 nthawi ya namondwe Ana ndiponso mu 2023. Takambirana ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzimo, ndipo tawapatsa maina a okalamba asanu amene sangathe kuyenda okha mtunda wokafika kusukulu kumene anthu amathawira, kuti aliyense akhale ndi munthu wodziwika womutenga chenjezo likangomveka. Gogo wa ku nyumba ija tinapeza zovala pamtengo sali pa mndandandawo. Sabata yatha anayenda yekha ndi ndodo mpaka kumjigo, mdzukulu atasenza chigubu pambuyo pake. Njira yawo yopita kuchimbudzi ndiyo yatsala, chifukwa imadutsa pamene madzi a padenga amagwera. Mwana wawo walonjeza ngolo imodzi ya mchenga ndi zidutswa za njerwa, ndipo Lolemba tikathira limodzi tisanapite kukayeza anthu a m'mudzi wachinayi, kumene amfumu atitumizira kale maina 12.